Timabango ta Phazi la Tiyamike

Uthenga unandipeza m'munda wa nandolo, dengu lili pamutu. Ndinangomva munthu akukuwa kumunsi kwa chitunda, mawu atasasa ndi liwiro: "Amayi! Amayi inu! Dzina latuluka!"

Kucheuka, ndi Nangondo, amene anali mkazi wa mwana wanga Layitoni, make wa mdzukulu wanga Tiyamike. Mpango unali utagwa kalekale, chitenje wachigwira m'manja. "Amutenga, amayi! Kusukulu ya unamwino, Tiyamike amutenga!"

Dengu uko, nandolo uko, ine uko. Nthungululu yanga inawoloka mtsinje, inakadzutsa agalu a tsidya lija. Ndinavina pamizere ngati namwali, mawondo omwe amandikana m'mawa uliwonse tsiku limenelo anavomera. Nyimbo inangobwera yokha, sindinaiitane:

Phazi lakula, ee, lakula,
phazi lakula ine kulibe.

Nangondo atamva mawuwo anasiya kuseka, nane ndinasiya kuvina. Chimwemwe chili ngati mvula yoyamba, chimadzutsa fungo la nthaka yakale. Nkhani ya phazi timaidziwa awiri, iye ndi ine. Lero ndiinene, ana amve.

Ndinapita ku Joni Tiyamike ali ndi zaka zitatu. Amuna anga anali atamwalira, munda utatopa, ndipo Layitoni, amene anatsogola kumeneko, anaimba foni kuti kuli banja likufuna mayi wochapa ndi kusita. Nthawi imeneyo iye ndi Nangondo anali atasiyana kale. Ankhoswe anayesa, analephera, nkhani inakathera kukhoti paboma. Khoti linati mwana akhale ndi make kwawo ku Magaleta, bambo azitumiza thandizo mwezi ndi mwezi.

Tsiku lonyamuka ndinadzera komweko kukatsanzika. Ndinamupeza Tiyamike atakhala pafumbi akudya nachesi, madzi akuyenderera mpaka m'zigongono. Ndinamunyamula, iye n'kupukutira manja onse awiri pabulauzi yanga ya paulendo. Banga limenelo ndinadutsa nalo pa Mwanza, ndinadutsa nalo pa Tete, masiku awiri m'basi ndikungolinunkhiza. Ndinati ndikakhala chaka chimodzi. Chaka chimodzi chija, ee, chinabereka ana, anawo anaberekanso, mpaka zinakwana zisanu ndi zinayi.

Kumeneko tinkakhala m'kanyumba ka malata okhaokha, eni dziko amati mkhukhu, kuseri kwa nyumba ya landilodi. Nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankauma pamwamba ngati galasi. Nyengo yotentha munthu unkapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Kachipindako ndinkagawana ndi Abiti Sanudi, mayi wa ku Mangochi, wamtali, woseka ndi mano onse, amene ankasenda anyezi mulesitilanti ya Amwenye mpaka maso ake anaiwala kulira. Iye Msilamu, ine wakwaya ya amayi kutchalitchi, koma poto mmodzi, bulangeti limodzi. Iye akagwada kuswali ine ndinkatseka pakamwa. Ine ndikayamba nyimbo iye ankati, "Mwayatsa wayilesi yanu ija, achemwali? Kodi mabatire ake satha?"

Masiku aja ankathamangitsa alendo m'misewu tinadzitsekera sabata yathunthu, tikudya buledi wouma ndi madzi a shuga. Wina akagogoda, Abiti ankandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi, chifukwa ine ndikaopa ndimaimba. "Mutiphetsa ndi Chichewa chanucho," ankanong'ona, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Kwa abwana kunali kamtsikana kobadwa chaka chimodzi ndi Tiyamike. Amayi ake ankakaimika pachitseko cha kukhitchini n'kulemba kamzere ka pensulo pamwamba pa mutu wake. Wopukuta chitsekocho ndinali ine, koma mizereyo anati ndisaikhudze. Chaka ndi chaka mizere ikukwera, ikukwera. Ndikatsala ndekha ndinkaika chikhatho pamzere watsopano n'kunena, "Tiyamike wafika apa." Tsitsi la mwana wa eni ndinapesa, malungo ake ndinachezera, mano ake ndinawerenga. Wangayo ndinkangomuyeza pachitseko cha eni.

Zaka zoyamba thandizo linkayenda bwino. Layitoni ankaika zake, ine n'kuwonjezerapo zanga, kumudzi Nangondo n'kukalandira. Kenaka tsiku lina mkulu wanga Felesiya, wa ku Ligowe, anandiimbira.

"Uli bwanji kumeneko, mwini chuma? Wamva kuti mpongozi wako uja wakwatiwa?"

"Akwatiwe, akadali mwana."

"Ee, akwatiwe. Nyumba wakhoma malata, ikuwala ngati ofesi. Chitenje chatsopano, anthu kutchalitchi makosi kupindika. Mwamunayo ndi a Lingisoni oumba njerwa, ngakhale njinga alibe, koma akugona pansi pa thukuta lako. Iwe uzichapa zamkati za azungu kuti ndevu za mwana wa eni zisanyowe, eti?"

Mawu amenewo anandiyabwa ngati chitedze. Abiti Sanudi anati, "Achemwali, pakamwa pa foni palibe maso. Mufunseni mwini wakeyo." Sindinafunse. Lamulungu ndinakwera minibasi mpaka kwa Layitoni.

"Iwe Layitoni, ndalama ilibe dzina. Ikalowa m'nyumba aliyense amaitcha yake. Tizitumiza katundu. Nsapato ya mwana, munthu wandevu sangaivale."

"Mwanena zoona, amayi," anayankha. Anavomera msanga, msanga kwambiri, ndikanazindikira pomwepo. Anali atakwatira wina kumeneko, khanda lili m'manja, ndipo khoti la paboma silikanamulondola mpaka ku Joni. Kuyambira tsiku limenelo zogula zonse anasiyira ine.

Mwezi utatha Nangondo anaimba. "Amayi, za mwezi uno sizinafike."

"Zizifika m'chikwama, osati m'manja. Inu muzingotumiza muyezo wa phazi."

Ndinkangomva tambala akulira kumbuyo kwake, tambala wa kwathu. Kenaka anati, "Chabwino, amayi." Patapita nthawi foni yake inasiya kulowa.

Kwathu manambala a nsapato sitinkalimbana nawo. Umapita kudambo, kudula bango, mwana n'kuponda pansi, iwe n'kuyeza kuyambira kuchidendene mpaka kuchala chachikulu. Kabango kameneko ndiye kalata. Ankandibweretsera ndi a Bonongwe, amene ankayenda ndi galimoto yokoka ngolo, kunyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi. Ankakumana ndi Nangondo paboma sukulu ikayandikira kutsegulira, iye n'kuwapatsa kabango, iwo ulendo wotsatira n'kumupatsira chikwama.

Kabango kakafika linali tsiku la chikondwerero. Ndinkakanunkhiza, ndinkakapsompsona, ndinkayenda nako m'masitolo kukalowetsa m'nsapato imodziimodzi. Atsikana ogulitsa ankandiseka m'chinenero chawo, ine ndinkawaseka m'changa. Nsapato zakuda za kusukulu, zina za kutchalitchi, masokosi, madiresi oyenera msinkhu wa phazi limenelo. Ndikatha, kabango ndinkakasunga m'kachitini ka masamba a tiyi.

Koyamba kanabwera. Kachiwiri kanaposa koyamba. Kachitatu kanaposa kachiwiri, ndipo ndinavina m'mkhukhu mpaka landilodi anamenya khoma. Kachinayi ndinakagoneka pambali pa kachitatu: kofanana. Ndinati mpeni unaterereka. Kachisanu: kofanana. Mizere ya pachitseko cha abwana inali itafika pachifuwa panga, koma phazi la Tiyamike laima.

Ine ana opinimbira ndinawaona. Ndinaona amene chaka cha njala chinawagwira pamutu n'kuwakanikiza pansi, mpaka lero anzawo ali ndi mabanja iwo akuoneka ngati a sitandade folo. Ndinafunsa a Bonongwe, anati, "Amayi, ine ndimaona zikwama, ana sindiwaona." Ndinapempha Felesiya kuti akamuone. Anaimba patapita milungu. "Ndinamuona patali pamaliro. Ngwowonda ngati udzu, ndipo kumapazi kulibe kanthu."

Kulibe kanthu! Nanga nsapato zanga zikupita kuti?

Nyimbo zinandithawa. Ndinatentha malaya a abwana ndi simbi, koyamba pa zaka zonsezo. Kubwerera ndinkakufuna, koma masiku a m'pasipoti yanga anali atatha kalekale. Kutuluka kunali kutuluka konse, ntchito n'kutha, chikwama n'kutha. Ndikapita mwana adya chiyani? Ndikakhala, ndikamupeza?

Kachisanu ndi chimodzi katafika, kofanananso, ndinayala timabango tonse pabulangeti. Abiti Sanudi anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Achemwali, wayilesi yazima, ndipo m'nyumba muno mukuzizira. Pitani. Azunguwa apeza wosita wina mawa lomwe. Mwanayo gogo wina samupeza." Anandiperekeza kubasi, n'kundiveka mpango wake wobiriwira. "Mukafika mundiimbire nyimbo pafoni, koma yaifupi, mayunitsi ndi odula." Ndinamuimbira kawiri. Chaka chotsatira foni yake inangoti zii, ndipo palibe amene wandiuza kumene ali. Mpango ndi uwu ndavalawu.

Ndinafika kwathu nyumba yanga itagwa mbali imodzi, mitengo ya mango imene ndinaisiya m'chiuno itapitirira denga, ana a m'mudzi akundilozerana kuti kwabwera mlendo. Sindinamasule katundu. M'mawa ndinatenga chikwama cha nsapato ndi kachitini kanga, ulendo wa ku Magaleta. M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndikamulase nawo Nangondo.

Pamjigo wa m'mudzimo mtsikana wamtali, ndowa pamutu, anandipatsa moni. "Muli bwanji, agogo? Mukufuna kwa ndani?"

"Kwa Nangondo."

"Ndi amayi anga. Tiyeni."

Mumtima ndinati ameneyu ndi mwana wa a Lingisoni wa kwa mkazi woyamba. Ndinamutsata ndikuyang'ana khosi lake lowongoka, madzi osatayika ndi dontho lomwe. "Nanga Tiyamike ali kunyumba? Akutha kuyenda?"

Anatembenuka ndi ndowa yomwe. "Tiyamike ndine."

Maso anga anathamangira pansi. Mapazi, mayo ine, mapazi! Aakulu, otambalala, chala chachikulu chopatuka ngati cha malemu agogo ake aamuna. Zidendene zong'ambika, patapata womanga ndi waya. Ndinakhala pansi panjira pomwepo. Kulira ndikulira, kuseka ndikuseka, mwana akungondiyang'ana ngati wamisala. Sanandidziwe. Akanandidziwa bwanji?

Nangondo anatiyalira mphasa pakhonde. Moni tinapatsana wa alendo. A Lingisoni anali chapatali akukonza chikombole cha njerwa. Ndinatulutsa kabango komaliza.

"Make Tiyamike, apa munayeza phazi la yani?"

"La malonda, amayi."

Sanagwetse nkhope. Anapitiriza mawu ali phee. "Nsapato zoyamba anavala, zinali zokongola. Ankapita nazo kusukulu m'mimba mulibe kanthu, n'kubwera nazo m'mimba mulibe kanthu. Kuchigayo salandira nsapato, amayi. Kusukulu akafuna ndalama ya mayeso salandira diresi. Anamwino a pachipatala apa ndi aphunzitsi ali ndi ana ang'onoang'ono, ndipo nsapato za ku Joni amachita kulimbirana. Sayizi imeneyo ndiyo imayenda. Zikuluzikulu zimagona miyezi."

"Ndiye mwana aziponda minga?"

"Phazi limapola. Sukulu ikadutsa sibwerera."

"Nanga malatawa? Ndalama za mwana n'zofolera anthu akuluakulu?"

Anaimirira. "Bwerani muone." Anandilowetsa m'nyumba, n'kundionetsa kachipinda, mphasa yopinda bwino, makope ali m'jumbo yopachika pamsomali. "Mwanayu anali ndi chifuwa chobanika. Dzinja lililonse ndinkathamanga naye kumsana kupita kuchipatala. Adokotala anati asamagone ponyowa. Tsono ndiuzeni inu mwayenda maiko: alipo malata ofolera pogona mwana pokha, enafe mvula izititsira?"

Mkamwa mwanga munali mutatsala muvi umodzi. "Chitenje chija?"

"Ndinagula, chimodzi, ndipo chinandikhala. Mumafuna ndizikamuimira mwana wanu pamsonkhano wa makolo nditavala thumba la feteleza?"

Panja a Lingisoni anatsokomola. "Njerwazo ndinaumba ndine, amayi. Koma za malata sindikana, ndimagonamo. Mkonono wanga nawo sunyowa."

Ndinafuna kukwiya, kuseka kunanditsogolera. Titabwerera pamphasa ndinafunsa chimene chinali pansi pa zonse. "Bwanji osandiuza?"

"Munandifunsa? Munati zizifika m'chikwama. Munthu amene wakuyesa kale wakuba, ukamuuza kuti ukugulitsa katundu wa mwana, amva chiyani? Foni ndinagulitsa chaka chimene mbewu zinapsa ndi dzuwa."

Apo ndinatsegula kachitini, n'kuyala timabango tonse tisanu ndi kamodzi pamphasa, titatu tokwera, titatu toima. "Zaka zitatu," ndinatero, "ndinkadzuka ndikudziwa kuti mdzukulu wanga akufota. Ntchito ndasiya chifukwa cha timitengo iti."

Nangondo anatola kamodzi. "Mumasunga?" Anakabwezera pamphasa, kenaka anati, "Pamenepo ndinalakwa, amayi. Ndinkati mumangoyeza n'kutaya. Sindinadziwe kuti kumeneko kuli munthu akuwerenga."

"Nane sindinadziwe kuti kuno kuli munthu akulera."

Tinalira ngati pamaliro, pamene mwini maliroyo anali ataima pakhomo, wamtali ngati mlongoti, akufunsa ngati atereke madzi a tiyi.

Sindinama kuti zonse zinatha tsiku limenelo. Mpaka lero ndikaona zipsera kumapazi a Tiyamike, mtima umandiuza kuti peyala imodzi yokha akanamusiyira. Nayenso Nangondo ndikudziwa kuti ali ndi zake zimene amameza akandiona. Koma nsapato zimene ndinabwera nazo ndinakagulitsa ndekha kwa namwino wina, ndipo mtengo ndinakweza, pakuti ndinkadziwa mmene msana unapwetekera. Layitoni ndinamuimbira. "Iwe, tumiza ndalama, m'manja mwa make mwana. Ndinakusokeretsa ndine." Amatumiza mwezi wina, mwezi wina foni yake imadwala. Pamene pasowa timatseka ndi nandolo wanga, mandasi a Nangondo ndi njerwa za a Lingisoni.

Chimene sichigulidwa ndi chimene chimandipweteka. Dzino lake loyamba kuguluka sindinalione. Tsiku loyamba kusenza ndowa sindinalione. Atadwala chifuwa ankaitana ndani, sindikudziwa. Anazolowera kunditcha agogo pang'onopang'ono, ngati munthu wophunzira kuyenda ndi nsapato zatsopano. Nthawi zina amaseka kuseka kwinakwake, ine n'kufunsa kuti anakutenga kuti, make n'kuyankha kuti, "Anayamba ali ndi zaka zisanu." Ine pa zaka zisanu ndinali kusita malaya a eni.

Basi, misozi ikhale apo, lero ndi la nthungululu.

Loweruka tinasonkhana kwa Nangondo, pansi pa malata omwe aja. Thobwa m'migolo iwiri, nkhuku zinayi zinataya moyo chifukwa cha maphunziro. Aphunzitsi a Tiyamike anawerenga kalata mokweza, zofunika kutenga: bulangeti, ndowa, nsapato zotseka zosagogoda poyenda. Atangoti nsapato, ine ndi Nangondo tinayang'anana. Ndinanyamuka osatsanzika, kutsetsereka mpaka kudambo, n'kubwera ndi bango ndi mpeni.

"Tiyamike, vula, ponda apa."

"Agogo, ndi sayizi seveni. Mukangonena m'sitolo akupatsani."

"Manambala ukawauze odwala ako. Ponda apa."

Anthu anaseka, iye anaseka, koma anaponda. Ndinagwada. Ndinagwira chidendene chija ndi manja anga awiri, chofunda, cholimba, chamoyo. Ndinayendetsa chala pazipsera chimodzichimodzi. Kuyeza kwake n'kwa kamphindi, koma ine ndinachedwa dala, ndipo palibe anandifulumizitsa. Nditadula, Nangondo anabweretsa kachitini kaja, kamene ndinamusiyira tsiku lija. Kabango katsopano kanakana kulowa, chivundikiro osatseka.

"Kasiyeni kasuzumire kunja," anatero.

Phazi lakula, ee, lakula,
phazi lakula, lero ndaligwira.

Tsono ndiwatchule amene anabwera, aliyense amve dzina lake. Anabwera a Lingisoni, atasamba mpaka dothi la m'zikhadabo, ndipo anavina ngati njerwa zapsa zonse. Anabwera a Felesiya kuchokera ku Ligowe, pakamwa pomwe paja, akuuza aliyense kuti iwo anadziwa kale kuti mwanayu adzapita patali. Anabwera a Bonongwe, imvi mbuu, anati lero aone mwini chikwama. Anabwera aphunzitsi a Chimbalanga ndi akazi awo. Anabwera a sisitala Mwafulirwa a pachipatala, amene ana awo anakulira m'nsapato zanga. Anabwera a Nasiwelo ndi a Nachanza a kukwaya, a Edina a ku Midzemba ndi mapasa awo, a Yohane opunduka mwendo pa njinga ya mlamu wawo. Layitoni anabwera pafoni, tinamuika pampando, analira, mayunitsi anatha. Abiti Sanudi sanabwere, koma pamphasa ndinamusiyira malo, ndipo mpango wake unavina. Analipo Tiyamike, namwino wathu, phazi la agogo ake. Ndipo analipo amene anakwera chitunda mpango utagwa kuti uthenga uyambire kwa ine, Nangondo, make Tiyamike, mwana wanga.